Usiku Woyamba Anagona Bwino, Wachiwiri Anachezera Kulira: Ululu wa Bondo Pambuyo pa Opaleshoni ya ACL

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene mwana wawo wamkazi wa zaka 15 anachitidwa opaleshoni ya bondo. Ndinawayankha mwachidule tsiku lomwelo chifukwa nkhaniyo sinali yodikira, koma ndinawapempha kuti andilole kuyankha mokwanira pano, popeza funso lawo ndimakumana nalo kawirikawiri pantchito yanga ya mafizo. Anavomera. Ndachotsamo mayina ndipo ndaifupikitsa:

“Mwana wanga anaduka mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL akusewera mpira, ndipo Lolemba masana anamuchita opaleshoni. Usiku woyamba anagona bwinobwino, mpaka ndinati madokotala amangotiopseza. Sindinamupatse mankhwala chifukwa ankati sakumva kuwawa. Koma Lachiwiri zinthu zinatembenuka, anachezera kulira usiku wonse. Anatipatsa paracetamol, ibuprofen ndi mapiritsi ochepa amphamvu, koma amphamvuwo ndikuopa kumupatsa, ndinamva kuti munthu amawazolowera. Bambo ake akuti apirire, ndi wamasewera. Akaika pilo kunsi kwa bondo amapezako bwino, koma a mafizo anakaniza. Kodi opaleshoniyi yalakwika? Ndichite chiyani?”

Mayi, pepani ndi usiku umenewo. Kumva mwana akubuula kuchipinda inu mulibe chochita kumafoola kuposa kudwala nokha. Bondolo sindinalione, choncho pamene mawu anga asiyana ndi a dokotala amene anamuchita opaleshoni, mutsatire a dokotalayo. Koma pa zimene mwafotokozazi palibe chikusonyeza kuti china chalakwika. Chimene chinachitika Lachiwiri n'chakuti dzanzi la jakisoni amene anamubaya pa opaleshoni linatha, ndipo linatha m'thupi mulibe mankhwala ena oti alandire ntchito.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa. Wonyamula magazi timati mtsempha, wonyamula uthenga wa ululu kupita ku ubongo timati mtsempha, wolumikiza mafupa timatinso mtsempha. Kuti timvane, ACL ndiziitchula kuti chingwe. Ndi kachingwe kolimba ka mkatikati mwa bondo, kamene kamagwira fupa la ntchafu ndi fupa la kumunsi kuti lakumunsilo lisamatsetserekere kutsogolo kapena kupotoka munthu akatembenuka mwadzidzidzi. Kakaduka, nthawi zambiri sikasokedwa. Dokotala amatenga chingwe china m'mwendo womwewo, kumbuyo kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, n'kuboola tinjira m'mafupa awiri aja, n'kulowetsamo chingwe chatsopanocho. Kwa mwana amene mafupa ake akadakula, amasintha kabooledwe kuti asawononge malo amene fupa limakulira. Kunja mumangoona timabala ting'onoting'ono chifukwa amagwiritsa ntchito kakamera, ndiye makolo ambiri amati inali opaleshoni yaing'ono. Mkatimo fupa labooledwa, ndipo pamene anatenga chingwe paja pali bala lakelake. Sipangalephere kupweteka.

Pofuna kuti wodwala asatsitsimukire mu ululu, dokotala wogonetsa anthu amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, monga bupivacaine kapena ropivacaine, pafupi ndi mtsempha wa ululu pantchafu, kapena m'bondo momwemo. Jakisoni wa pantchafuyu amagwira ntchito maola pafupifupi 12 mpaka 24. M'maola amenewo mwana amaseka, amatumiza zithunzi za bandeji kwa anzake, amati opaleshoni si kanthu. Vuto lake dzanzilo silitsanzika. Kwa ambiri sipapita nthawi yaitali kuchoka pa “sindikumva kanthu” kufika pa misozi, ndipo kawirikawiri zimagwera usiku, pamene palibe woti mumuimbire foni. N'chifukwa chake mapiritsi amayenera kuyambika dzanzi lisanathe, mwana akadanena kuti ali bwino. Wina anayenera kukuuzani zimenezi musanatuluke m'chipatala, kapena anakuuzani inu muli ndi zambiri m'mutu. Musadziimbe mlandu.

Ndiye chochita choyamba ndi ichi: masiku atatu kapena anayi oyambirira muziyang'ana wotchi, musadikire nkhope ya mwana. Piritsi limatenga mphindi 30 mpaka ola kuti liyambe kugwira. Mukadikira kuti ayambe walira, mwamuonjezera ola lina la kulira, ndipo ululu umene wakula kale ndi wovuta kuutsitsa kuposa umene simunaulole kukula. Ine ndimauza makolo kuti atenge pepala wamba, alimate pakhoma pafupi ndi bedi, alembe mizere iwiri. Mzere wa paracetamol: 6 koloko m'mawa, 12 masana, 6 madzulo, 12 usiku. Mzere wa ibuprofen: maola 8 aliwonse, atadya kanthu. Aliyense wopereka piritsi achonge pomwepo ndi kulemba nthawi. Zikuoneka zachibwana, koma cha m'ma 3 koloko usiku, mutagona maola awiri okha, simungakumbuke ngati munamupatsa kale, kapena ngati bambo ake anamupatsa inu muli kubafa. Tcherani alamu pafoni, ndipo usiku awiri kapena atatu oyambirira mudzutseni amwe. Kudzutsidwa ndi mayi kwa mphindi ziwiri kuli bwino kusiyana ndi kudzutsidwa ndi bondo.

Mlingo wake mutsatire umene analemba dokotala, koma ndi bwino mudziwe mmene amauwerengera. Paracetamol, amene ambiri timangoti panado, amaperekedwa mamiligalamu pafupifupi 15 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, osapitirira kanayi pa maola 24. Mwana wolemera makilogalamu 50 ndiye kuti mamiligalamu 750 nthawi imodzi. Ngakhale munthu wamkulu wa thupi lalikulu sayenera kupitirira mamiligalamu 4000 patsiku. Anthu amawapeputsa mankhwala amenewa chifukwa ali m'nyumba iliyonse, koma akachuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita masiku. Samalani ndi mankhwala a chimfine ndi mapiritsi ena amphamvu osakaniza, chifukwa ambiri mwa iwo ali kale ndi paracetamol mkati. Werengani pabokosi. Ibuprofen amagwira ntchito mwanjira ina, amachepetsa kutupa, n'chifukwa chake awiriwa amathandizana ndipo palibe choopsa kuwamwa tsiku limodzi. Koma si wa aliyense. Mwana wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, wa mphumu imene imayambika akamwa mankhwala a mtundu umenewu, kapena amene akusanza osatha kumwa madzi, asamwe musanafunse dokotala. Musamuphatikizenso ndi diclofenac kapena naproxen, ndi a banja limodzi. Aspirin musamupatse pofuna kuthetsa ululu. Kwa ana ndi achinyamata a msinkhu wa mwana wanu angayambitse matenda osowa koma oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye.

Tibwere ku mapiritsi amene mukuwaopa. Simunatchule dzina lake, ndiye taonani papaketi. Mantha anu ali ndi mutu. Mankhwala a gulu la morphine, monga oxycodone, codeine ndi tramadol, munthu amatha kuwazolowera, ndipo ku United States apha anthu ochuluka zedi, ena mwa iwo atayambira pa mapiritsi otsala m'kabati ya kunyumba. Koma taonani pamene ngozi imagona: pakumwa masabata ambiri, pakumwa kuti munthu aiwale mavuto kapena agone, ndi pa mapiritsi otsala amene palibe akuwawerenga. Piritsi limodzi usiku wachiwiri kapena wachitatu, mwana atamwa kale paracetamol ndi ibuprofen koma akubuulabe, ndi ntchito imene dokotala anawaperekera. Ana ambiri amawafuna masiku ochepa chabe, ena sawafuna n'komwe ndondomeko ya wotchi ija ikayenda bwino. Inu ndinu wosunga. Asakhale pafupi ndi bedi lake kapena m'chikwama chake cha kusukulu. Muziwawerenga, ndipo otsala mukawabweze kumene munawatenga.

Ngati papaketi palembedwa codeine kapena tramadol, imbani foni mufunsenso kamodzi. Codeine payekha alibe mphamvu yochuluka, chiwindi ndi chimene chimamusandutsa morphine, ndipo ziwindi za anthu n'zosiyana. Kwa ena pafupifupi sagwira ntchito, kwa ena chiwindi chimamusandutsa mofulumira kwambiri moti mlingo wamba umatha kuchepetsa kupuma. M'chaka cha 2013 mayiko a ku Europe analetsa codeine kwa ana osakwana zaka 12 pochiza ululu, ndipo mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku United States la FDA linaletsa codeine ndi tramadol kwa ana a msinkhu womwewo, n'kuchenjezanso za achinyamata a zaka 12 mpaka 18 onenepa kwambiri, obanika kupuma akagona, kapena odwala mapapo. Mwana wanu wapitirira zaka 12, koma ngati amaliza mkonono kwambiri kapena ali ndi vuto la m'chifuwa, dokotala adziwe. Kaya ndi mtundu uti mwa amphamvuwa, nseru, kuwodzera ndi kudzimbidwa n'zoyembekezereka, ndipo madzi ambiri amathandiza. Chosayembekezereka ndi mwana wosadzutsika, wopuma motalikitsa kapena mosweka, milomo itasintha mtundu. Pamenepo thamangirani kuchipatala. Ndipo asawaphatikize ndi mankhwala ogonetsa tulo kapena mowa, ndikudziwa kuti ndi wa zaka 15, koma anzake obwera kudzamuona sitikuwadziwa.

Za bambo ake ndinene mwaulemu koma mosabisa: apa kupirira sikupindulitsa. Pabwalo la mpira kupirira kuli ndi malo ake. Pabondo longochitidwa opaleshoni, mwana womva ululu waukulu sagona, sadya, ndipo amalipinda bondo n'kuliumitsa kuti lisagwedezeke. Sabata ziwiri zotere zimabala bondo louma limene tidzalimbane nalo miyezi. Komanso ana amasewera ndi akatswiri obisa ululu, makamaka pamaso pa kholo limene limawatama kuti ndi olimba mtima. Musamufunse kuti “ukumva kuwawa?” chifukwa ayankha zokondweretsa wofunsayo. Mufunseni nambala, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo muone zimene akutha kuchita: wagona maola angati, wafika kuchimbudzi ndi ndodo zake, watha kulimbitsa ntchafu. Sitikufuna kuti afike pa 0, chifukwa kuti tifike pamenepo tingamuledzeretse ndi mankhwala. Tikufuna 3 kapena 4, ululu woti akhoza kugona nawo ndi kuchita nawo mafizo. Bambo akewo apatseni ntchito ya ayisi ndi yolemba papepala paja, aona okha manambalawo akutsika.

Tsopano nkhani ya pilo, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa ya mapiritsi. Mwana wanu akunena zoona, bondo lopindika pang'ono limapepuka. Likatupa, madzi ndi magazi zimadzaza mkati, ndipo likapindika pang'ono malo amkatimo amakulako, kuthina n'kuchepa. Koma mnzanga wa mafizo uja akunenanso zoona. Bondo likagona chopindika usiku ndi usana m'masabata oyambirira, minofu ya kumbuyo imakungika ndipo zipsera za mkati zimauma lili chopindika. Kupinda bondo kumabwerera pang'onopang'ono pafupifupi kwa aliyense, koma kuliwongola kukatayika n'kovuta kukubweza, ndipo ena amafika pochitidwa opaleshoni yachiwiri yochotsa zipserazo. Munthu amene bondo lake silitha kuwongoka kwathunthu amatsimphina, ndipo kutsogolo kwa bondo kumamuwawa nthawi yaitali. Piloyo musamulande, mungomusunthira kumunsi. Aike pansi pa chidendene ndi pakatumba, kumbuyo kwa bondo kukhale kolendewera. Mapilo awiri kapena atatu, iye atagona chagada, phazi likhale pamwamba kuposa mtima. Kukhala pampando mwendo uli pa kampando kena sikukwanira, chifukwa bondo limakhala lili kumunsi kwa mtima. Masiku oyamba kumbuyo kwa bondo kumakoka ndipo adandaula. Ayambe ndi mphindi 10, apume, abwerezenso kangapo patsiku.

Ululu wambiri wa sabata yoyamba ndi wa kutupa. Ayisi amathandiza kwambiri, ndipo alibe nseru kapena kudzimbidwa. Mukulunge m'kansalu kowuma, muike mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse akakhala maso, osanyowetsa bandeji ndiponso osamuika pakhungu penipeni. Khungu la pafupi ndi bala limakhala la dzanzi, ndiye likhoza kupsa ndi kuzizira iye osamva. Asagone tulo ayisi ali pabondo. Chinanso chosalira kanthu ndi kugwedeza phazi, kulikweza ndi kulitsitsa ngati akuponda chinachake, kambirimbiri ola lililonse. Minofu ya pakatumba imapopa magazi ndi madzi kubwerera kumtunda, ndipo zimachepetsa ngozi yoti magazi aundane m'mitsempha.

Kutupaku kumachitanso chinthu china chimene chimaopsa ana kuposa ululu. Bondo likadzaza madzi, limatumiza uthenga woti mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu uleke kugwira ntchito. Mwana amayang'ana ntchafu yake, amailamula kuti ilimbe, koma ili zii. Ndinaonapo mnyamata wina wa zaka 16, wamphamvu zake, atagwira m'mbali mwa bedi, thukuta lili kamukamu, akuyesa kunyamula mwendo umene sabata yapitayo unkamenya mpira, mwendowo osasuntha. Sanalire ndi bala, analira ndi zimenezo. Ngati zamuchitikira mwana wanu, muuzeni kuti sanapuwale. Aike kathaulo kopinda pansi pa chidendene, akankhire kumbuyo kwa bondo pansi, agwire masekondi asanu, asiye. Poyamba mungoona kanofu kakunjenjemera pamwamba pa bondo. Kameneko ndiye poyambira. Mnyamata uja ndinamulakwiranso ine: ndinamuyambitsa mafizo m'mawa asanamwe mankhwala, ndipo tsiku lotsatira anakana kundiona. Kuyambira pamenepo ndimati piritsi lizimwedwa mphindi 30 mpaka 45 mafizo asanayambe.

Pali zina zimene zikudabwitseni koma si zoopsa. Akaimirira kuchoka pabedi, magazi amatsikira kumwendo ndipo bondo limagunda ngati muli mtima. Akhale kaye m'mphepete mwa bedi asanaime. Ngati chingwe anachitenga kumbuyo kwa ntchafu, kumeneko kumawawa mwina kuposa bondo, ndipo mikwingwirima ya magazi imatsika mpaka kukakolo patapita masiku. Ngati anachitenga kutsogolo kwa bondo, kugwada kumavuta kwa miyezi. Kachigawo ka khungu ka kunja kwa chipsera kamatha kukhala ka dzanzi nthawi yaitali chifukwa kamtsempha kakang'ono ka khungu kamadutsa pomwe amacheka. Ndipo tsiku limene wayendayenda kwambiri, madzulo ake bondo limatupa ndi kutentha. Limenelo ndi bondo likumuuza kuti mawa achepetseko.

Zofunika kuimbira foni nthawi yomweyo, ngakhale usiku, n'zosiyana ndi zimenezi. Ululu wa opaleshoni umakula masiku awiri kapena atatu oyambirira kenako n'kumatsika. Ukayamba kukweranso utatsika kale, makamaka thupi litatentha kupitirira madigiri 38, bala litafiira kapena likutuluka mafinya, tiganizire kuti m'bondo mwalowa tizilombo, ndipo zimenezo sizidikira tsiku lokaonana ndi dokotala. Kuwawa ndi kutupa kwa pakatumba kumene kukukulirakulira kungakhale magazi oundana. Akayamba kubanika kapena kumva kubaya pachifuwa, ndi ngozi yeniyeni. Chimodzimodzinso mwendo wa kumunsi ukauma gwa ndi ululu wosamva mankhwala, kapena zala zikazizira, kutuwa, kapena kukanika kugwedezeka. Patapita masabata, ngati ululu wasanduka wootcha, khungu losalola kukhudzidwa ngakhale ndi nsalu yofunda, mwendo n'kumasintha mtundu, muuzeni dokotala msanga. Pali vuto la mitsempha ya ululu lotchedwa CRPS limene mwa ana limakonda atsikana a msinkhu umenewu, ndipo limachizika bwino likadziwika msanga.

Musaiwale kuti wa zaka 15 wataya zambiri nthawi imodzi: timu yake, kuyenda yekha, ngakhale kusamba popanda womuthandiza. Mantha ndi kusowa tulo zimakuza ululu, si zongoganiza ayi, ubongo wotopa umamva kuwawa kwambiri. Amawerenganso nkhope yanu. Mukalowa m'chipinda maso ali ofiira, iye amati ndiye kuti zavutadi. Anzake abwere, aonere kanema, amvere nyimbo pamene mukuika ayisi, apume mpweya pang'onopang'ono ululu ukakwera. Pa sabata imodzi yokhayi, foni musalimbane nayo kwambiri masana, koma usiku ikhale patali.

Pakatha masiku anayi kapena asanu muyambe kuchotsa mankhwala, amphamvu aja poyamba, kenako ibuprofen malinga ndi masiku amene dokotala analola, paracetamol pomalizira, n'kutsala wa usiku ndi wa nthawi ya mafizo.

Ndikuchenjezeni za vuto limene simunafunse, chifukwa lidzabwera. Pakadzatha miyezi itatu kapena inayi, bondo lidzasiya kuwawa, ndipo adzayamba kukuuzani kuti wachira. Chingwe chatsopano chija chimatenga miyezi yambiri kuti chimere m'fupa ndi kukhwima, ndipo sichiwawa pamene chili chosakhwima. Kafukufuku wa ku Delaware (United States) ndi Oslo (Norway) amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene wamasewera anachedwa kubwerera pabwalo, kufikira mwezi wa 9, ngozi yovulalanso bondo inkatsika ndi pafupifupi theka. Kwa ana, akatswiri amene komiti ya masewera a Olympics ya IOC inasonkhanitsa analangiza mu 2018 kuti padutse miyezi yosachepera 12 asanabwerere ku masewera otembenuka mwadzidzidzi monga mpira. Apa ndi pamene kupirira kwa bambo ake kudzafunike, ndipo ndi iwo amene mwanayo adzayambe kuwanyengerera.

Mukamapita kukaonetsa bala, mutenge pepala la pakhoma lija ndi paketi ya mapiritsi amphamvu, kaya atsala angati. Mufunse dokotala kuti chingwe anachitenga pati, ngati anasokanso kachichereche ka m'bondo kotchedwa meniscus, chifukwa zimenezo zimasintha mlingo wa kuponda ndi kupinda, ndiponso kuti ibuprofen amwe mpaka liti. Mayankhowo muwalembe kuseri kwa pepala lomwelo, mukawasonyeze a mafizo.